Injini za Family II za General Motors

Family II ndi gulu la injini za galimoto za masilinda anayi zomwe kampani ya Opel ya ku Rüsselsheim, m'dziko la Germany, inakonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, panthawi yomwe kampaniyi inali m'manja mwa General Motors ya ku America. Injinizi zinayamba kuikidwa m'galimoto zogulitsa mu 1981, ndipo zinapangidwa kwa zaka zoposa 30. Yaing'ono pa zonse inali ya malita 1.6, yaikulu ya malita 2.4. Zambiri zinali za petulo, koma panalinso zochepa za dizilo, za malita 1.6 ndi 1.7. Ku Ulaya zinkayendetsa galimoto za Opel ndi Vauxhall monga Kadett, Astra, Ascona, Cavalier, Vectra, Calibra ndi Omega.

Dzina lakuti Family II linabwera chifukwa cha kukula kwake. Opel inali ndi gulu lina la injini zocheperapo lotchedwa Family I, lomwe linatuluka mu 1979 ndi injini ya malita 1.3. Magulu awiriwa amafanana kwambiri ukawayang'ana kunja, moti wosazolowera atha kuwasokoneza, makamaka chifukwa onse awiri anadzakhala ndi injini ya malita 1.6 komanso ya 1.8. Koma buloko ya Family II ndi yaikulupo, ndipo zipangizo zambiri za gulu limodzi sizilowa pa linzake.

Chiyambi

Isanafike Family II, Opel inkadalira injini yotchedwa CIH, yomwe inatuluka mu 1965. Inali yolimba, koma yonse inali ya chitsulo, buloko ndi hedi yomwe, motero inali yolemera. Inakonzedwera galimoto zoyendera matayala akumbuyo, momwe injini imaikidwa chautali, kuloza kutsogolo. Vauxhall, kampani ina ya General Motors ya ku Britain, inalinso ndi injini yakeyake yopendekeka. Makampani awiri a mwini mmodzi ankawononga ndalama kupanga zinthu ziwiri zogwira ntchito imodzi.

Kukwera mtengo kwa mafuta mu 1973 ndi mu 1979 kunasintha zofuna za ogula. Anthu anayamba kufuna galimoto zopepuka, zosamwa mafuta, koma zokhala ndi malo okwanira banja. Njira yomwe makampani ambiri anatsata inali yoika injini chopingasa kutsogolo kuti iziyendetsa matayala akutsogolo. Opel inachita zimenezi koyamba mu Kadett D ya 1979. General Motors inkakonzanso galimoto yapakati yomwe inkafuna kuigulitsa m'makontinenti angapo pansi pa mayina osiyanasiyana, ndipo pulani imeneyi inkatchedwa J-car. Ku Germany galimotoyi inali Opel Ascona C, ku Britain Vauxhall Cavalier yachiwiri, ku Australia Holden Camira, ku Brazil Chevrolet Monza. Family II inabadwira ntchito imeneyi.

Ku Britain zotsatira zake zinaoneka msanga. Ford itatulutsa Sierra mu 1982, inaisiya ndi injini yakale ya Pinto komanso kuyendera matayala akumbuyo, ndipo maonekedwe ake sanakondweretse ogula ambiri poyamba. Cavalier inagulitsidwa kuposa Sierra mu 1984 ndi 1985. Gawo lalikulu la msika umenewo linali la makampani ogulira antchito awo galimoto, ndipo makampani otere amawerengera mafuta ndi nthawi yomwe galimoto imakhala ku galaja. Injini yatsopanoyi inkawakomera pa zonse ziwiri.

Kapangidwe

Buloko ya Family II ndi ya chitsulo chosungunula, hedi ndi ya aluminiyamu. Injini zoyamba zinali ndi mavalavu awiri pa silinda iliyonse, onse pamodzi 8, otsegulidwa ndi camshaft imodzi yokhala pamwamba pa hedi m'bokosi lakelake. Camshaft imazunguliridwa ndi lamba wa mano, yemwe amakaniko amamutcha taimingi beluti. Mpweya ndi petulo zimalowera mbali imodzi ya hedi, utsi n'kutulukira mbali inayo, zomwe zimathandiza injini kupuma bwino kusiyana ndi CIH, momwe zonse zinali mbali imodzi.

Chinthu chomwe eni galimoto anachiyamikira kwambiri chinali ma tappet oyendera oyilo. Pa injini zambiri za nthawi imeneyo, makaniko ankayenera kutsegula chivundikiro chapamwamba nthawi ndi nthawi kuti achune mpata wa mavalavu. Pa Family II mpatawo umadzichuna wokha ndi mphamvu ya oyilo. Distributor inaikidwa kumapeto kwa camshaft, pampu ya oyilo kutsogolo kwa crankshaft, ndipo pampu ya madzi imazunguliridwa ndi lamba yemweyo wa taimingi. Pa injini zakale, pampu ya madziyi ndi yomwe inkakungira lamba: makaniko amamasula mabawuti ake, n'kuipotoza pang'ono mpaka lamba atakungika. Nzeru imeneyi inachepetsa zipangizo, ngakhale kuti pampu yomwe yakhala zaka osaigwira imakakamira ndi dzimbiri, ndipo ikapotozedwa nthawi zambiri imayamba kudontha. Injini za pambuyo pake zinapatsidwa chokungira lamba chodzichuna chokha.

Masilinda anatalikirana mamilimita 93 kuchokera pakati pa imodzi kufika pakati pa inzake. Nambala imeneyi ndi yomwe inapatsa gululi moyo wautali. Injini ya malita 1.6 inali ndi masilinda a mamilimita 80 m'mimba mwake, kotero pakati pa masilinda panatsala chitsulo chambiri choti n'kuboola. Mu 1982 anakuza masilinda kufika mamilimita 84.8, n'kupeza injini ya 1,796 cc. Mu 1986 anafika pa mamilimita 86, pisitoni n'kumayendanso mamilimita 86, ndipo inatuluka injini ya 1,998 cc yomwe ndi yodziwika kuposa zonse. Kenaka anatalikitsa ulendo wa pisitoni kufika mamilimita 94.6 pa injini ya malita 2.2, ndi mamilimita 100 pa ya malita 2.4. Zonsezi zinachitika popanda kukonza buloko yatsopano kuyambira pachiyambi.

Mphamvu ya injini ku Ulaya inkalembedwa m'muyezo wa PS, ndipo PS imodzi ndi pafupifupi makilowati 0.735. Injini ya 1.6 ya kabureta inkatulutsa 90 PS. Ya 1.8 yopopera petulo ndi makina a Bosch LE-Jetronic inkatulutsa 115 PS, ndipo ndi yomwe inali mu Kadett GTE ya 1983. Ya 2.0 ya mavalavu 8 inkatulutsa 115 PS ikakhala ndi catalytic converter, ndi pafupifupi 130 PS pa mtundu wina wopanda chipangizochi. Ngakhale inakonzedwera kuikidwa chopingasa, Opel inaiikanso chautali mu Manta, Rekord, Omega ndi Frontera.

Kuwerenga dzina la injini

Opel inkatcha injini zake ndi zilembo ndi manambala, monga C20NE kapena X20XEV, ndipo dzinali limadindidwa pa buloko. Limaoneka ngati chisokonezo, koma chilembo chilichonse chili ndi tanthauzo, ndipo wofuna sipeya amapulumuka nalo.

Chilembo choyamba chimanena za malamulo a utsi omwe injiniyo imakwaniritsa. C ndi injini ya catalytic converter ya nthawi ya Euro 1, X ndi Euro 2, Y ndi Euro 3, Z ndi Euro 4. Injini zakale zopanda chipangizochi zimangoyamba ndi nambala. Manambala awiri ndi kukula kwa injini: 20 ndi malita 2.0. Chilembo chotsatira chimanena za kupanikiza kwa pisitoni: L ndi kochepa, N kwapakati, S kokwererapo, X kwakukulu, kuyambira pa 10 kwa 1 kupita m'mwamba. Kenaka pamabwera njira yoperekera petulo: E ndi injector pa silinda iliyonse, Z ndi injector imodzi yodyetsa masilinda onse. Pomaliza pangakhale T ya turbo, H ya mphamvu zoonjezera, kapena V ya injini yopangidwira anthu ambiri.

Choncho C20NE ndi injini ya malita 2.0, ya catalytic converter, yopanikiza mwapakati, ya ma injector anayi. C20LET ndi ya malita 2.0, yopanikiza pang'ono chifukwa ili ndi turbo. Chomwe dzinali silinena ndi gulu la injini. X18XE ndi ya Family II, pomwe X18XE1 ndi ya Family I, ndipo nambala 1 yakumapetoyo yasokoneza anthu ambiri ogula zipangizo.

Injini ya mavalavu 16

Mu 1988 Opel inatulutsa Kadett GSi 16V, yomwe ku Britain inali Vauxhall Astra GTE 16V. Mkati mwake munali injini ya 20XE, yomwe ikakhala ndi catalytic converter imatchedwa C20XE. Ntchito yoikonza inatsogozedwa ndi injiniya wa ku Austria, Fritz Indra, yemwe anagwirapo ntchito ku Alpina ndi ku Audi. Buloko inali yomwe ija ya malita 2.0, koma pamwamba pake panabwera hedi yatsopano ya ma camshaft awiri ndi mavalavu anayi pa silinda. Mahedi oyamba anaumbidwa ndi kampani ya Cosworth ya ku England, yodziwika ndi injini za Formula One, ndipo ali ndi chidindo chakuti Coscast.

Mavalavu anayi ang'onoang'ono amatsegula khomo lalikulu kuposa awiri akuluakulu, komanso ndi opepuka, choncho injini imakoka mpweya wambiri ikamazungulira mwaliwiro. Pulagi imakhala pakati penipeni pa silinda, ndipo moto umafalikira mofanana mbali zonse. Opel inaonjezera mapisitoni osula, mavalavu otulutsira utsi okhala ndi sodium mkati kuti azichotsa kutentha, choziziritsira oyilo, ndi kompyuta ya Bosch Motronic M2.5 yomwe imayeza mpweya wolowa n'kumvetsera ngati injini ikugogoda. C20XE inkatulutsa 150 PS ndi 196 Nm.

Manambalawa lero saoneka aakulu, koma panthawiyo Volkswagen Golf GTI 16V ya malita 1.8 inkatulutsa 139 PS. Chodabwitsa pa XE sichinali mphamvu yokha. Injini zambiri za mavalavu 16 za zaka zimenezo zinali zaulesi pa liwiro lotsika, zongodzuka dalaivala akaponda kwambiri, pomwe XE inkakoka bwino kuyambira pansi ndipo siinkamwa mafuta mopitirira. Ku Britain anaipatsa dzina lakuti "red top" chifukwa cha chivundikiro chofiira chokhala pamwamba pa mapulagi. Inadzalowanso mu Vectra 2000, Cavalier GSi, Calibra ndi Astra F GSi.

Mu 1992 inabwera C20LET, yomwe ndi XE ya turbo ya kampani ya KKK. Turbo yake inaumbidwa pamodzi ndi mapaipi otulutsa utsi ngati chinthu chimodzi, kuti utsi ufike msanga usanataye mphamvu. Inkatulutsa 204 PS ndi 280 Nm, ndipo mu Calibra Turbo inkayendetsa matayala onse anayi kudzera mu giyabokosi ya Getrag ya magiya 6.

Malamulo a Euro 2 atayandikira, XE inalowedwa m'malo ndi X20XEV ya 1994, yomwe inkagulitsidwa ndi dzina lakuti Ecotec. Inali yaukhondo pa utsi komanso yotsika mtengo popanga, koma mphamvu inatsika kufika 136 PS. Okonda liwiro sanaikonde, ndipo mpaka pano akamati "XE" satanthauza iyi. Komabe galimoto za Vectra B ndi Omega B zomwe inayendetsa ndi zochuluka, ndipo oziyendetsa ambiri sankafuna mpikisano.

Mipikisano

Buloko ya chitsulo ndi yolemera, koma imapirira, ndipo ochita mipikisano anaona zimenezi msanga. Mu 1988 unayamba mpikisano wa Formula Opel Lotus, ku Britain Formula Vauxhall Lotus, momwe galimoto zonse zinali zofanana ndipo zinali ndi injini ya Opel ya malita 2.0 ya mavalavu 16. Yemwe anapambana mpikisano wa ku Ulaya chaka choyambacho anali Mika Häkkinen wa ku Finland, yemwe pambuyo pake anakhala katswiri wa Formula One mu 1998 ndi 1999. Kampani ya Spiess ya ku Germany inakonza injini za Formula Three kuchokera pa XE kwa zaka zambiri. Mu mpikisano wa British Touring Car Championship, John Cleland wa ku Scotland anapambana mu 1989 ndi Astra GTE 16V, n'kubwerezanso mu 1995 ndi Cavalier. Caterham inaika XE mu galimoto yake yopepuka ya Seven, ndipo anthu wamba anaiika m'galimoto zakale monga Ford Escort ndi Vauxhall Nova.

Ku South Africa

General Motors inachoka ku South Africa kumapeto kwa 1986, panthawi yomwe makampani a ku America ankakakamizidwa kuchoka chifukwa cha tsankho. Fakitale yake ya ku Port Elizabeth, mzinda womwe tsopano ndi Gqeberha, inatsala m'manja mwa kampani ya komweko, Delta Motor Corporation, yomwe inapitiriza kupanga galimoto za Opel. Delta inkafuna kugonjetsa BMW 325iS m'mipikisano ya Group N, momwe lamulo linali lakuti galimoto yopikisana ikhale yofanana ndi yomwe ikugulitsidwa kwa anthu. Motero mu 1990 inatulutsa Kadett GSi 16V S, yomwe aliyense amaitcha Superboss.

Injini yake inali XE ya ma camshaft a Schrick, kompyuta yochunidwa mwina ndi ekizozi yotakasuka. Inkatulutsa makilowati 125, omwe ndi pafupifupi 170 PS, ndi 228 Nm, popanda turbo. Anaichotsa zinthu zolemetsa n'kuipatsa limited slip differential yokonzedwa ndi André Verwey, kuti tayala limodzi lisamangozungulira pokhota. Zinapangidwa 244 zokha. Pambuyo pake Delta inagulitsanso Kadett ndi Astra 200ts, za injini ya C20LET yoyendetsa matayala akutsogolo okha.

Kunja kwa Ulaya

Ngakhale inakonzedwa ku Germany ndipo inkapangidwa ku fakitale ya Opel ya ku Kaiserslautern, Family II inapangidwanso mochuluka kutali ndi Ulaya. Holden inayamba kuipanga ku Fishermans Bend, mumzinda wa Melbourne, mu 1981. Camira, galimoto yomwe injiniyi inayenera kuyendetsa ku Australia, siinachite bwino pamsika, koma fakitale ya injini inapulumuka chifukwa chogulitsa kunja. Injini mamiliyoni angapo zinachoka ku Melbourne kupita ku Opel ndi Vauxhall, kenaka ku Daewoo ya ku South Korea, yomwe inaziika mu Espero, Nubira ndi Leganza. Galimoto yooneka ya ku Germany kapena ya ku Korea inkatha kukhala ndi injini ya ku Australia mwini wake osadziwa. Mapikapu a Isuzu a petulo, omwe ku Australia ankatchedwa Holden Rodeo ndipo ku South Africa KB, anagwiritsanso ntchito injini zikuluzikulu za gululi.

Ku Brazil inkapangidwa ku São José dos Campos. Kumeneko inasinthidwa kuti iziyendera ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo m'zaka za m'ma 2000 inapatsidwa makina otchedwa Flexpower, omwe amalola petulo, ethanol kapena zosakaniza. Brazil inatumizanso injini za malita 1.8 ndi 2.0 ku United States, kumene zinalowa mu Pontiac Sunbird ndi zinzake, zina za turbo.

Zovuta zodziwika

Injini zoyambirira za mavalavu 8 zinali ndi mbiri yodya camshaft. Malo omwe camshaft imakhudzana ndi timikono totsegula mavalavu ankaperepeseka msanga, makamaka oyilo akachedwa kusinthidwa n'kutseka timabowo tomwe amadutsamo. Chizindikiro chake ndi phokoso logogoda pamwamba pa injini ndi kuchepa mphamvu. Mwayi wake ndi wakuti camshaft ili m'bokosi lakelake, ngakhale kuti mabawuti omanga bokosilo ndi omwewo omanga hedi.

Mahedi ena a XE, makamaka omwe sanaumbidwe ndi Cosworth, anali ndi timing'alu tosaoneka pakati pa njira ya oyilo ndi njira ya madzi. Oyilo amapezeka mu thanki ya madzi, ndipo makaniko wosadziwa vutoli amathamangira kusintha gasiketi, koma vuto osatha. Ndi chifukwa chake mahedi a chidindo cha Coscast amafunidwa kwambiri ndi ogula injini zakale.

Nkhani yaikulu ndi ya lamba wa taimingi. Pa injini ya malita 2.0 ya mavalavu 8, monga C20NE, valavu ngakhale itatseguka mpaka mapeto siifika pomwe pisitoni imafika. Lamba akaduka galimoto imangozima, ndipo kuika lamba wina kumakwanira. Pa injini za mavalavu 16 si choncho. Mavalavu ndi mapisitoni zimadutsa malo amodzi pa nthawi zosiyana, ndipo chomwe chimaziletsa kukumana ndi lambayo basi. Akaduka, kapena mano ake akalumpha, mapisitoni amamenya mavalavu n'kuwapinda, nthawi zina mpaka kuononga hedi. Kawirikawiri sikuti lamba ndiye amayamba kutha: chimagwira ndi chokungira, timawilo tomwe lamba amayendapo, kapena pampu ya madzi, n'kumugwetsa. Pa injini za Ecotec za zaka za m'ma 1990, nthawi yosinthira inafupikitsidwa kufika makilomita 60,000 kapena zaka zinayi, ndipo amakaniko osamala amasintha zonse pamodzi, osati lamba yekha.

Kutha kwake

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kulemera kwa buloko ya chitsulo kunayamba kukhala cholepheretsa, chifukwa makampani ankachepetsa makilogalamu paliponse kuti galimoto zimwe mafuta ochepa. Mu 2000 General Motors inatulutsa injini yatsopano ya malita 2.2, Z22SE, ya aluminiyamu yokhayokha ndi tcheni m'malo mwa lamba. Nayo inkatchedwa Ecotec, koma si ya Family II, ngakhale mayinawo amasokoneza.

Family II siinachoke nthawi yomweyo. Pa injini za turbo, kulimba kwa chitsulo kunali kofunikabe, ndipo Opel inapitiriza nayo mu Z20LET ya Astra G, Zafira OPC ndi Opel Speedster Turbo, galimoto ya anthu awiri yopangidwa ndi Lotus ku Hethel, yomwe ku Britain inali Vauxhall VX220 Turbo. Yamphamvu kuposa zonse inali Z20LEH ya mu Astra H OPC ya 2005, ku Britain Astra VXR, yotulutsa 240 PS. Buloko yake inali mdzukulu wa ija inayamba ndi 90 PS mu Ascona ya 1981.

Holden inasiya kupanga injinizi mu 2009, ndipo ku Ulaya zinatha pamodzi ndi Astra H ndi Zafira B za turbo. Ku Brazil ya malita 2.4 inapitirirabe mu pikapu ya Chevrolet S10 patadutsa chaka cha 2010. Mu 2017 General Motors inagulitsa Opel ndi Vauxhall ku gulu la PSA la ku France, lomwe mu 2021 linaphatikizana ndi Fiat Chrysler kupanga Stellantis.